Timakutu ta kuseri kwa chiwongolero: kodi tingaphe giyabokosi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilenje, mu Lusaka. Iwo analemba kuti: "Ndinagula Honda Fit RS yochokera ku Japan, inalowa kudzera pa Nakonde. Kuseri kwa chiwongolero kuli timakutu tiwiri, kena kolembedwa +, kena −. Makaniko wina anandiuza kuti ndisatikhudze chifukwa ndidzapha giyabokosi. Tsiku lina ndinakhudza mwangozi, pa dashibodi panatuluka nambala ndipo injini inayamba kulira mokweza, ndinachita mantha. Kodi ntchito yake ndi yotani? Mwezi wamawa ndili ndi ulendo wa ku Chipata."

Amayi, khazikani mtima pansi, palibe chimene munaononga tsiku limenelo. Ndipo popeza mwatchula za ku Chipata, ndikufuna mutiphunzire bwino timakutu timeneti musananyamuke, chifukwa pa msewu umenewo ndi pamene mudzatifune.

Dzina lake pa Chingelezi ndi paddle shifters. Kakhutu ka kudzanja lamanja, kolembedwa +, kamakweza giya. Ka kumanzere, kolembedwa −, kamatsitsa. Mukakokera kakhutuko kwa inu ndi nsonga za zala mumamva kuti "tche", basi. Palibe chitsulo kapena chingwe chochokera pamenepo kukakoka magiya monga zimakhalira pa galimoto ya manyuwo. Ndi switchi chabe, yofanana ndi batani lokwezera wailesi. Imatumiza uthenga pa timawaya kupita ku kompyuta yoyang'anira giyabokosi, ndipo kompyutayo ndi imene imasintha giya.

Taganizirani za minibasi yochokera ku City Market. Inu mumauza kondakitala kuti mutsika, kondakitala amagogoda denga, koma dalaivala ndi amene amaona ngati pali poima. Timakutu ndi kugogodako. Kompyuta isanavomere imayamba yaona liwiro la galimoto, mmene injini ikuzungulira, ndi mmene mwapondera moto. Ngati mukuthamanga makilomita 100 pa ola n'kukoka kakhutu ka kumanzere kangapo motsatizana kuti mufike pa giya yoyamba, idzatsitsa mpaka pamene injini ingapirire, kenako idzakana. Pa Honda nambala ya pa dashibodi imaphethira, pa ma Toyota ambiri mumamva kulira kawiri. Dalaivala wa manyuwo angathe kulowetsa giya yolakwika n'kuphulitsa injini, koma inu kompyuta sikulolani kufika pamenepo. Mukaiwala kutsitsa magiya pofika pa maloboti, imatsitsa yokha, ndipo injini sizima.

Tsono kulira kwa injini kumene kunakuopsani kuja, munakhudza ka kumanzere. Giya inatsika, injini inayamba kuzungulira mofulumira kuti igwirizane ndi liwiro la mawilo. Ndi mmene ziyenera kukhalira.

Nzeru imeneyi inachokera ku mpikisano wa magalimoto othamanga wa Formula One. Mu 1989 kampani ya Ferrari inatulutsa galimoto yotchedwa 640, imene anaikonza John Barnard, ndipo Nigel Mansell anapambana nayo pa mpikisano woyamba wa galimotoyo ku Rio de Janeiro. Ubwino wake umodzi unali wakuti dalaivala ankasintha giya manja onse awiri ali pa chiwongolero. Mu 1997 anaziika pa Ferrari F355 yoyenda pa msewu wamba, ndipo pang'onopang'ono zinatsika mpaka kufika pa ka Fit kanu. Mbiri imeneyi ndi imene imasocheretsa anthu, amaganiza kuti timakutu ndi ta anyamata okonda liwiro. Ine ndimatigwiritsa ntchito kwambiri pofuna kuchepetsa liwiro.

Ndilongosole pang'ono za giyabokosi yanu, chifukwa otomatiki si mtundu umodzi. Ilipo ija yodziwika, monga ya magiya 6 ya mu Toyota Mark X, imene ili ndi magiya enieni ndipo oyilo wopanikizidwa ndi amene amawagwira ndi kuwamasula. Ilipo ya makilachi awiri, monga DSG ya Volkswagen, imene imakonzeratu giya yotsatira inayo ikadagwira, n'chifukwa chake imasintha mwachangu kwambiri. Ndiye pali CVT, imene ikupezeka mu ma Fit ambiri komanso mu Toyota, Nissan ndi Subaru zambiri zimene zadzaza mu Lusaka muno.

Mu CVT mulibe magiya owerengeka. Muli mapule awiri, amene ali ngati mawilo oyendapo lamba, olumikizidwa ndi lamba wachitsulo. Pule iliyonse ili ndi mbali ziwiri zooneka ngati mbale ziwiri zogundanitsa kumsana, zimene zimatha kuyandikana kapena kutalikirana. Zikayandikana lamba amakwera kumtunda, zikatalikirana amalowa mkati. Ndiye galimoto imasintha mphamvu ndi liwiro mosadukiza, popanda kugwedeza. Nanga manambala 1 mpaka 7 amene mukuona pa dashibodi achokera kuti? Ndi malo 7 amene akatswiri a Honda anasankha n'kuwasunga mu kompyuta. Mukakoka kakhutu, mapule aja amapita pa malo otsatira n'kukhazikika pamenepo. Ena amati ndi magiya abodza. Ine sindivomereza mawu amenewo, chifukwa mukatsitsa pa mtsetse injini imagwiradi galimoto, ndipo chimene tikufuna ndi chimenecho.

Pali kusiyana pakati pa kukoka timakutu liva ili pa D ndi kukoka ili pa S. Pa D, kompyuta imakubwerekani magiya kwa kanthawi. Mukayenda pang'ono pa liwiro lokhazikika nambala ija imazimiririka, galimoto n'kubwerera ku otomatiki yokha. Pa S, mukakoka kakhutu pamatuluka chilembo M pafupi ndi nambala, ndipo giya imene mwasankha imakhalabe mpaka inu mutasintha, kupatula pamene kompyuta yasintha yokha poteteza injini. Pofuna kutulukamo, bwezani liva pa D. Pa magalimoto ambiri mungathenso kugwira ka + kwa masekondi awiri kapena atatu. Amene ali ndi Toyota adziwe kuti pa mitundu ina nambala ngati 4 imatanthauza malire: galimoto imasinthabe yokha kuyambira giya yoyamba mpaka yachinayi koma osapitirira. Ndipo pa Mitsubishi Outlander PHEV, yoyendera petulo ndi magetsi, timakutu sitisintha magiya n'komwe, timangoonjezera kapena kuchepetsa mmene mota yamagetsi ikugwirira galimoto uku ikutchaja batire.

Tsopano za ulendo wanu. Lusaka ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,300 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo kuti muwoloke mlatho wa Luangwa muyenera kutsika kwambiri. Mukadutsa Rufunsa mudzafika m'mapiri a Manenekela, pamene msewu umakhotakhota uku ukutsetsereka, mathiraki odzaza katundu ali patsogolo panu.

Zaka zingapo zapitazo ndinatsika pamenepo ndi galimoto yodzaza, anthu asanu ndi katundu m'buti. Ndinali pa D, phazi lili pa buleki pafupifupi njira yonse. Choyamba chinali fungo, ngati chogwirira cha poto chikapsa pa mbaula. Kenako pa kona ina ndinaponda, pedulo inalowa pansi kuposa masiku onse, yofewa ngati ndaponda siponji, galimoto n'kumapitabe. Amalume anga amene anakhala kutsogolo anangogwira dashibodi osalankhula. Ndinapeza poima patsogolo pang'ono. Nditatsika, kutentha kochokera m'mawilo akutsogolo kunkamveka m'miyendo ndisanayandikire n'komwe. Tinakhala pamenepo nthawi yaitali kudikira kuti zizizire, ndipo timakutu tinali pomwepo pa zala zanga, ine osadziwa ntchito yake.

Chimene chimachitika n'chakuti mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Mukawaponda osalekeza, mapadi amatentha mopitirira n'kusiya kugwira bwino. Komanso mafuta a mabuleki akakhalitsa amayamwa chinyezi, ndiye akatentha amawira, pedulo n'kufewa. Mukatsitsa giya, injini imatenga gawo la ntchitoyo. Mtsetse usanayambe, chepetsani liwiro ndi buleki, ikani liva pa S, kokani ka kumanzere kamodzi kapena kawiri mpaka mumve galimoto ikudzigwira yokha. Singano ya injini idzakwera, mwina kufika pa 3,000 kapena 4,000. Musaope, bola isafike pofiira. Buleki muziponda molimba kwa kanthawi musanalowe pa kona, kenako n'kusiya kuti ipume. Za petulo musadandaule: pa injini za masiku ano, phazi likachoka pa moto galimoto ili m'giya, kompyuta imadula mafuta. Amene amaika pa N potsika kuti apulumutse petulo amangodzichotsera chogwirira, ndipo ndikupemphani musayese zimenezo ngakhale kamodzi. Zonsezi zikugwiranso pa mtsetse wa Kapiringozi popita ku Chirundu ndi pa mapiri a Munali popita ku Mazabuka.

Pena pamene timakutu timathandiza ndi popitirira thiraki. Mukaponda moto mwadzidzidzi pa D, galimoto imayamba yaganiza isanatsitse giya, ndipo kamphindi kameneko mumakhala muli kale mbali ya anzanu. Tsitsani giya mukadali kumbuyo kwa thirakiyo, injini ikhale yokonzeka, ndipo mukaona kuti kutsogolo kuli bwino tulukani. Koma giya siwonjezera maso. Pa kona kapena pa mzere wosadukiza, dikirani.

Mu jamu ya pa Cairo Road kapena pa Manda Hill madzulo, tisiyeni. Kompyuta imasankha bwino kuposa ine ndi inu, ndipo kuyenda pa giya yotsika m'tauni kumangomwa mafuta.

Makaniko wanu sindikumunyoza. Iye amaona magiyabokosi akufa sabata iliyonse, ndiye amachenjeza za chilichonse chimene mwini galimoto angakhudze. Koma zimene zimapha CVT n'zina. Choyamba ndi oyilo wolakwika. CVT sifuna ATF, oyilo wa otomatiki wamba, ndipo Honda ili ndi mitundu yake iwiri, HMMF ndi HCF-2, imene sisinthanitsidwa, ndiye onetsetsani kuti akuthirirani woyenera chaka cha galimoto yanu. Chachiwiri ndi oyilo wokhalitsa osasinthidwa, ndipo galimoto yochokera ku Japan simudziwa kuti anasintha liti. Chachitatu ndi kuponya liva pa R galimoto isanaimiretu. Musanapite ku Chipata muuzeni aone oyilo wa giyabokosi, mapadi, ndi mafuta a mabuleki.

Musadikire kufika pa Manenekela kuti muyese koyamba. Lamlungu m'mawa, magalimoto akadali ochepa, tulukani ndi Leopards Hill Road, yendani pa 60, chotsani phazi pa moto, kokani ka kumanzere kamodzi, mumve mmene galimoto ikugwirira. Kokaninso, kenako bwererani ndi ka kumanja. Chitani zimenezi pa D, kenako pa S, mpaka zala zizolowere kupeza timakutu maso ali pa msewu. Onaninso kuti pa Fit timazungulira limodzi ndi chiwongolero, ndiye mukakhota kwambiri ka + kamatha kupezeka kumanzere. N'chifukwa chake giya muzisankhiratu chiwongolero chikadali chowongoka, kona isanafike.