Kwa achemwali amene mwafunsa za bipolar, mankhwala ndi ntchito

Achemwali, mwafunsa ngati munthu wa bipolar, matenda a maganizo amene munthu amakwera kwambiri kenako n'kutsika kwambiri, angagwire ntchito n'kulera ana ali pa mankhwala, poti azakhali anu akuti musiye mapiritsi chifukwa akukugonetsani. Zimatheka ndithu. Ine ndimasoka zovala ku Mayfair ku Joni, ndakhala pa mankhwala a lithium zaka 6, ndipo lendi ndi fizi ya ana zimachokera pamakina anga.

Koma ndinagwapo kawiri, ndipo kawiri konseko ndinali nditasiya mankhwala podziona ngati ndachira. Ulendo wachiwiriwo ndinatha masiku anayi osagona, ndikusoka usiku wonse, mphamvu ngati za anthu atatu. Ndinatenga ndalama ya lendi ndi ya chipereganyu n'kukagula makina ena awiri, ati nditsegule fakitale. Kenako ndinatsika. Miyezi iwiri ndili chigonere, nsalu za makasitomala zili mulu pakona, foni ikuitana ine kungoiyang'ana. Kukwera kuja kumakoma kwambiri, n'chifukwa chake munthu suzindikira kuti wadwala.

Za tulo mukunenazo n'zoona. Mankhwala ngati olanzapine ndi quetiapine amagonetsa komanso amanenepetsa. Kawauzeni adokotala momwe mukumvera, angathe kusintha mlingo, nthawi yomwera kapena mtundu wake. Musadule nokha, chifukwa kusiya mwadzidzidzi, makamaka lithium, kumabweza matenda msanga.

Ngati muli pa lithium, musamajombe kukayezetsa magazi. Amaona kuchuluka kwake m'thupi, impso ndi chithokomiro, ndipo magaziwo amatenga patapita maola 12 chimwereni. Muzimwa madzi okwanira, makamaka kukatentha. Ibuprofen ndi diclofenac ogula paokha ayi, amachulukitsa lithium m'magazi. Ine mutu ukawawa ndi Panado basi. Mukatsegula m'mimba, kusanza, manja kunjenjemera kwambiri kapena kuyenda modzandira, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati mankhwala anu ndi Epilim ndipo mukuganiza zotenga pakati, yambani mwakambirana ndi adokotala, mankhwalawa amatha kuvulaza mwana m'mimba.

Chimene chinandithandiza kwambiri pambali pa mapiritsi ndi kugona nthawi imodzimodzi. Ndinasiya ganyu ya ulonda wa usiku ngakhale ndalama yake ndinkaifuna. Mayi a kunyumba ndinawapatsa chilolezo: akaona ndayamba kuyankhula mothamanga kapena kutumiza mauthenga pa WhatsApp 2 koloko usiku, amasunga khadi la kubanki, m'mawa tili kukiliniki. Poyamba zinkandiwawa, koma zatipulumutsa kangapo.

Mukamapita kumudzi mu Disembala, tengani mankhwala okwanira ndi kalata ya adokotala. Ulendo wa basi kuchoka ku Park Station kudutsa Beitbridge ndi Tete mpaka Mwanza umasokoneza tulo, ndiye mapiritsi akhale m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa mu thirela. Akakutherani kumeneko, thandizo liliko ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu.

Kupemphera pempherani, inenso ndimapemphera, mapiritsi ndikumwa. Maganizo ofuna kudzipha akabwera musakhale nawo nokha, imbani ku SADAG, bungwe la ku South Africa lothandiza a matenda a maganizo, pa 0800 567 567, ndi ulere, usana ndi usiku. Alinso ndi magulu okumana anthu a vuto ngati lathuli.

Azakhaliwo akulankhula chifukwa chokukondani, kungoti sanafotokozeredwe. Tsiku lanu lakukiliniki likakwana mupite nawo, akadzifunsire okha kwa adokotala za tuloto.