Kodi ana a elk amaphedwa ndi chiyani kwenikweni?

Mtsikana wina amene wangomaliza digiri yoyamba ya zachilengedwe wandilembera imelo. Akuti wapeza mwayi wokachita digiri yachiwiri ku America, kukafufuza za imfa za elk, koma mtima ukumukayikitsa. Funso lake ndi ili: popeza aliyense akuti mimbulu ndiyo ikutha nyamazi, kodi sakangotaya zaka ziwiri kutsimikizira zodziwika kale?

Achemwali, pitani. Nkhaniyi sinathe ayi.

Kwa amene simunaionepo, elk ndi nyama ya ku North America ya mtundu wa agwape, koma yaikulu ndithu: yaikazi imaposa makilogalamu 200. Ku Yellowstone, paki yaikulu ya zachilengedwe ku America, anabwezeretsako mimbulu 31 mu 1995 ndi 1996. Elk za kumpoto kwa pakiyo zinalipo pafupifupi 19,000 mu 1994, koma pofika 2013 zinali zosakwana 4,000. Anthu sanachedwe kuloza chala mimbulu.

Ndiye kunabwera wophunzira ngati inu nomwe, Shannon Barber-Meyer, akugwira ntchito ndi David Mech ndi P.J. White. Kuyambira 2003 mpaka 2005 anaika tizipangizo ta wailesi pa ana a elk 151 ongobadwa kumene. Mwa amene anafa, oposa theka anagwidwa ndi zimbalangondo. Mimbulu sinafike ngakhale pa imfa imodzi mwa zisanu. Kenako ku chigwa cha Bitterroot ku Montana, kumenenso mimbulu inali pakamwa pa aliyense, Daniel Eacker wa pa University of Montana anatsatira ana 286 ndipo anapeza kuti wakupha wamkulu anali puma, mkango wa m'mapiri.

Ntchito yake n'njolemetsa, musanamizidwe. Ana amabadwa kumapeto kwa May ndi kuchiyambi kwa June, ndipo muyenera kuwagwira akadali a masiku ochepa, asanayambe kuthamanga. Kachipangizo kaja kakakhala maola angapo osagwedezeka, kalilidwe kake kamasintha, ndipo mumadziwa kuti kwachitika zovuta. Apa m'pofunika liwiro, chifukwa mukachedwa masiku awiri mukapeza akhungubwe ndi zilombo zina zitasokoneza umboni wonse. Mukafika mumasenda chikopa. Ngati pansi pa malo olumidwa pali magazi oundana, nyamayo inalumidwa ikadali moyo. Ngati palibe, chilombocho chinangoipeza itafa kale. Puma amaluma pakhosi n'kukwirira nyamayo ndi masamba ndi dothi. Chimbalangondo chimasenda chikopa n'kuchitembenuza. Mimbulu imamwaza mafupa. Pomaliza mumaswa fupa la pantchafu: mafuta a m'kati akakhala oyera ndi olimba, nyama inali ndi thanzi, koma akakhala ofiira ndi amadzimadzi, njala inali itaimaliza kale.

Fupa limenelo ndi limene ine limandikhudza kwambiri, pakuti limabweretsa funso lovuta koposa onse. Mwana wowonda amene wagwidwa ndi chimbalangondo lero, kodi akadapulumuka chisanu chikubweracho? Ngati akadafabe, kupha zimbalangondo sikuwonjezera elk ngakhale imodzi. Ngati akadakhala moyo, ndiye kuti chilombocho chikuchepetsadi gulu. Akuluakulu oyang'anira nyama amapereka zilolezo zosaka mimbulu ndi puma potengera yankho limeneli, choncho kulakwitsa pamenepa kumaphetsa nyama zosalakwa.

Elk zazikulu nazo zili ndi nkhani yake. Gregory Wright ndi anzake anaonetsa mu 2006 kuti zazikazi zophedwa ndi mimbulu ku Yellowstone zinali za zaka pafupifupi 14, zokalamba, pamene zowomberedwa ndi alenje zinali za zaka pafupifupi 6 ndi theka, msinkhu wobereka bwino. Imfa ziwirizi sizilemera mofanana pa tsogolo la gulu.

Ndipo luso limeneli mudzabwera nalo kwathu. Majete inalandiranso mikango mu 2012, Liwonde mu 2018, ndipo funso la chimene chikupha ana a nswala ndi mphalapala n'lofanana.

Musanavomere, afunseni aphunzitsi amene adzakuyang'anireni zinthu zitatu: ali ndi ndalama za tizipangizo tingati, kafukufukuyo adzadutsa nyengo zachisanu zingati, ndipo amafika pa nyama yakufa pakatha maola angati. Akayankha mozemba pa lachitatulo, dziwani kuti imfa zambiri mudzazilemba kuti "chifukwa sichikudziwika", ndipo n'kwabwino kufunafuna aphunzitsi ena.