Funsani: Bwanji mapu a nkhondo akungoonetsa mbali imodzi?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndimakonda mbiri ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndiye ndinapeza pa intaneti mapu akale a asilikali a Britain, a dera la Somme ku France. Chandidabwitsa nchakuti mbali ya Majeremani kuli mizere yofiira yambirimbiri pomwe mbali ya Angerezi kuli mbee, likulu lawo kaya makampu sindikuwaona. Ndiye akuluakulu awo ankalamulira ali pati, asilikali ankagona kuti? Kapena mapuwa ndi abodza? Wowerenga wa ku Chilomoni, Blantyre.

YANKHO: Achimwene, mapuwo ndi enieni ndipo maso anu sanakunamizeni ayi. Anasiya dala. Mapu amenewa ofisala ankayenda nawo m'thumba mpaka kutsogolo kwenikweni, ndiye taganizani adani abwera usiku, amugwira kapena amupha nkutenga pepalalo, basitu mawa lake mizinga igwera pomwe pagona anthu. Nchifukwa chake ankajambula ngalande zobisalamo asilikali a mdani ndi inki yofiira, zawo nkuzisiya kapena kungolemba kamzere kamodzi ka kutsogolo. Mapu osonyeza ngalande zawo ndi inki ya buluu analipo koma anali achinsinsi, osindikizidwa ochepa. Chenjeraninso ndi chaka, chifukwa mu 1918 mitundu ija anaitembenuza, Majeremani anakhala a buluu, Angerezi ofiira.

Mizere yofiirayo ankaitenga pa zithunzi zojambula pa ndege, anayamba kuzidalira kwambiri pa nkhondo ya ku Neuve Chapelle mu Malichi 1915. Ndipo popeza anthu ankangokumbabe usiku ndi usiku, m'mphepete mwa mapu ankalembamo deti lomwe ngalandezo anazikonza komaliza, muzilipeza kaye detilo musanakhulupirire china chilichonse.

Tsopano za likulu. Mapu mwaonawo mwina ndi a sikelo ya 1:10,000, kutanthauza kuti sentimita imodzi papepala ndi mamita 100 pansi, ndiye amangokwana kadera kakang'ono. Likulu lalikulu silingalowemo chifukwa linali kutali zedi. Kuyambira Okutobala 1914 linali ku Saint-Omer, kenako mu 1916 linasamukira ku Montreuil, tauni yakale ya mpanda kufupi ndi nyanja, ndipo mkulu wa asilikali onse a Britain ku France Douglas Haig ankakhala m'chinyumba chotchedwa Château de Beaurepaire chapafupi pomwepo. Nkhondo ya Somme itafika anasendera ku Beauquesne, pomwe Henry Rawlinson yemwe gulu lake ndi lomwe linalowa pamoto kwambiri anali ku Querrieu. Ukamatsika udindo likulu limayandikira kutsogolo, mpaka la bataliyoni lomwe kawirikawiri linali dzenje chabe lapansi kapena chipinda chapansi pa nyumba yophwasuka, kandulo ndi telefoni basi.

Anthu ambiri amawanena akuluakuluwa kuti ankabisala. Ine sindigwirizana nazo kwenikweni, munthu wolamulira asilikali opitirira miliyoni amafunika pomwe pali njanji, misewu ndi mawaya a telefoni, sangakhale m'matope. Koma mtundawo unali ndi mtengo wake ndipo apa mpomwe nkhaniyi imandipweteka mtima. Pa tebulo ku likulu ngalande ya Majeremani inali kamzere kofiira kokongola, pepala silinkanena kuti pansi pa kamzereko pali zipinda zakuya zomwe mizinga yomwe Angerezi anaomba sabata yathunthu asanaukire sinazifikire, silinkanenanso kuti waya waminga m'malo ambiri sunaduke. Pa 1 Julaye 1916, tsiku loyamba lokha la nkhondo ya Somme, asilikali a Britain 19,240 anafa, kuphatikiza ovulala ndi osowa anakwana 57,470. Anyamata ambiri mwa iwo anali ongodzipereka, ochokera tauni imodzi, ena ntchito imodzi.

Makampu akuluakulu nawonso anali kumbuyo. Lotchuka ndi la Étaples, m'mbali mwa njanji kufupi ndi Montreuil komweko, komwe kunali mizere ya matenti ndi tinyumba, mabwalo ophunzitsira ndi zipatala zambiri. Kampu sankangomanga chisawawa, zimbudzi zinkakhala patali ndi khitchini komanso madzi akumwa, mahatchi malo awoawo, chifukwa ankadziwa kuti matenda am'mimba amatha kutha gulu mdani asanaombe nkomwe mfuti. Koma kampu yayikulu choncho siibisika kwa ndege, mu Meyi 1918 Majeremani anaponya mabomba pa Étaples ndipo odwala ndi anamwino ena anafa. Manda a pamenepo lero muli anthu opitirira 11,000.

Ndiye mukafuna kudziwa pomwe gulu linalake linagona, mapu okha sakukwanirani. Gulu lililonse linkalemba dayale ya tsiku ndi tsiku, imasungidwa ku National Archives ku Kew, London, ndipo mmenemo ofisala ankalemba nambala ya bokosi la pamapu pomwe panali likulu lake, nthawi zina nkujambulamo ndi pensulo. Mabokosi a manambala aja mukuwaona ndi a mayadi 1,000 mbali iliyonse, ogawidwa panayi a, b, c, d. Mutenge nambala ya m'dayaleyo muifunefune pa mapu. Webusayiti ya National Library of Scotland ili ndi mapu amenewa ambiri aulere ndipo mutha kuwasanjika pamwamba pa chithunzi cha lero, yambani ndi pepala la 57D lomwe lili ndi midzi ya Thiepval ndi Beaumont-Hamel ya ku Somme.