Ikani pa CBR, VBR inandichititsa manyazi

Achimwene, ngati mukupita live musayerekeze kusiya encoder (makina otumizira vidiyo pa intaneti) pa VBR, ikani pa CBR basi. CBR imatumiza data pa mlingo umodzi wosasintha, pomwe VBR imasinthasintha mlingowo. Ndikulemba izi mtima ukundiwawabe.

Ine ndinabwereka encoder kwa bambo wina wobwereketsa zipangizo kuti tionetse konsati pa YouTube. Anati wakonza kale zonse, ine ndingolumikiza HDMI ndi intaneti. Poyesa masana zinali bwinobwino, poti kamera inkaona siteji yopanda munthu. VBR ndi mmene imachitira: chithunzi chikakhala bata imatumiza data yochepa, zinthu zikayamba kuyenda imakweza yokha bitrate, kutanthauza kuchuluka kwa data yotumizidwa pa sekondi. Ndiye woimba wamkulu atangokwera, magetsi akuthwanima, utsi uli tolo, anthu akudumpha, bitrate inakwera kupitirira upload yathu, liwiro limene intaneti yathu inkatha kutumizira data. Nkhope yake inasanduka timabokosi, mawu akudukaduka, kenako kaja kozungulira kaja pakati pa sikirini. Foni ikungonjenjemera m'thumba, mwini konsati waima kumbuyo kwanga osalankhula kanthu, ndemanga za oonera zikutsika zokhazokha zotukwana. Ndinatsegula laputopu thukuta lili kamukamu kuti ndilowe mu settings, n'kupeza kuti bamboyo anasintha password osandiuza. Kumuimbira, foni ikungoitana. Anayankha m'mawa mwake, ati vuto ndi netiweki yanga. Netiweki yanga? Chonsecho keyframe (chithunzi chathunthu chimene encoder imatumiza pafupipafupi) anaisiya pa masekondi 10, pomwe YouTube imafuna 2, ikachuluka 4. Munthu wosamala za ntchito ya mnzake sachita zimenezo, ndipo ngakhale kupepesa sanapepese.

Ndiye inu ikani CBR, H.264 (njira yopanikizira vidiyo), keyframe masekondi 2. Yezani upload pamalo pomwepo, ndipo bitrate isayandikire nambala imene mwapezayo, musiye mpata waukulu. Bola 720p yoyenda bwino pa 3000 kbps kusiyana ndi 1080p yomangoima. H.265, njira yatsopanoko kuposa H.264, imapulumutsadi data, koma RTMP yakale (njira yotumizira live) siinyamula, ndiye muyambe mwaona ngati encoder yanu ndi kumene mukutumizako zikugwirizana. Facebook nayo imafuna RTMPS, yomwe ndi RTMP yotetezedwa. Za low latency (kuchepetsa kuchedwa kwa chithunzi pofika kwa oonera) zisakutengeni mtima, nthawi zambiri imachotsa ma B-frame (zithunzi zothandiza kupanikiza vidiyo) ndipo chithunzi chimatsikako. Ndi yothandiza ngati mukuyankhana ndi oonera pompopompo. Mukamagwiritsa SRT, njira ina yotumizira vidiyo, mbali imodzi ikhale caller (yoitana) ina listener (yodikira), zonse zikakhala listener muzingodikirana mpaka mwambo kutha.

Komabe VBR si yoipa ayi. Pojambulira mu SD card ine ndimaikonda, chithunzi chimatuluka chokongola, ndipo ngati upload yanu ndi yaikulu kwambiri mutha kuiyika malire a pamwamba n'kuulutsa nayo. Komanso ngati makinawo ndi obwereka, musamagwiregwire settings pa tsikulo, mwiniwake ndi amene amawadziwa bwino, mumuuze zimenezi akukonzereni yekha. Koma akupatseni password, ndipo poyesa wina azithamangathamanga kutsogolo kwa kamera magetsi onse atayatsidwa.