Mwafunsa za pasipoti yokhala ndi chizindikiro cha Israel

Achimwene, mwati munagwira ntchito m'minda ya ku Israel ndipo tsopano mukufuna kupita ku Kuwait, ndiye mukuopa kuti akakubwezani pa bwalo la ndege. Nkhawa yanuyo ndi yoona.

Kuwait, Lebanon, Iran ndi Libya salandira munthu wa pasipoti ya Israel, ndipo angakanenso mlendo aliyense amene pasipoti yake ikuonetsa kuti anapondako. Kawirikawiri nkhani ili pa pasipoti ndi maulendo, osati chipembedzo chenicheni, ngakhale Myuda wa ku America angafunsidwe mafunso ambirimbiri.

Chimene chimapusitsa anthu ndi ichi: kuyambira 2013, pa bwalo la ndege la Ben Gurion ku Israel sadinda m'pasipoti, amangopereka kapepala. Anthu amaganiza kuti basi, palibe umboni. Koma inu munali pa ntchito, ndiye kafufuzeni ngati mulibe visa yomata m'masambamo. Ndipo wotulukira pa chipata cha Taba, pamalire a Israel ndi Egypt, amadindidwa ndi Egypt, chidindocho chimaulula zonse.

Musayerekeze kung'amba tsamba! Umenewo ndi mlandu wina pawokha, ndipo kunama kwa a immigration m'dziko la eni kungakutsekereni m'chitokosi. Ku Lebanon kuli lamulo la 1955 loletsa kuchita malonda ndi Israel, ndipo kumeneko sachita nthabwala.

Ine ndikanayamba ndafunsa ku ofesi ya kazembe wa Kuwait ndisanagule tikiti. Koma ngati ntchitoyo ikupezekanso ku Dubai, kumeneko zinthu zinasintha mu 2020 pamene dziko la UAE, komwe kuli Dubai, linagwirizana ndi Israel.