Mwana akadzuka pabuku, musafulumire kumutcha waulesi

Amayi ena a ku Kapata, kuno ku Chipata, andilembera za mwana wawo wamkazi wa zaka 21. Masana amagwira ntchito m'kabuthi kotumizira ndalama za pafoni. Madzulo amawerenga, chifukwa akufuna kulembanso Masamu ndi Chingelezi pa mayeso a GCE kuti makirediti asanu amene makoleji amafuna akwane. Dandaulo la amayiwa ndi ili: "Mwanayu sakhazikika pabuku. Theka la ola lisanathe wadzuka kale, akutsuka mbale, akuzungulira pabwalo, kenako n'kubwereranso. Kalata yofunsira malo ku koleji analemba Lolemba, mpaka lero ili m'chikwama, akuti aiwerenganso kaye. Ife kale tinkaviika miyendo m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisatigwire. Kodi uku si kuzengereza?"

Amayi, nkhawa yanu ndaimva, ndipo si yopanda pake. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ana ambiri amene ndawaona akulephera mayeso si kuti anali opanda nzeru, koma ankangoti mawa, mawa, mpaka tsiku linafika. Komabe pa zimene mwafotokozazi, ine sindikuona mwana wothawa ntchito.

Taganizani za nyemba za m'khitchini mwanu. Zina zili m'thumba, zina mwaziviika m'madzi usiku kuti muphike mawa. Zonse sizinapse, koma wolowa m'nyumba sanganene kuti n'zofanana. Zoviikidwazo ntchito inayambika kale, ndipo ikupitirira inu muli mtulo. Mawa zidzapsa msanga, makala adzatha ochepa. Kalata imene ili m'chikwama cha mwana wanu ndi nyemba zoviikidwa. Akanakhala kuti sanalembe ngakhale mzere umodzi, n'kumati adzalemba mtima ukafuna, pamenepo ndikanayankha mwina.

Nkhani ya kalatayi imandikhudza kwambiri. Nditangomaliza sukulu ndinamva kuti ofesi ina ikufuna kalaliki. Ndinalemba kalata usiku womwewo pa nyali ya parafini, m'mawa n'kukaisiya. Ndinadikira mwezi wathunthu, zii. Tsiku lina ndikusanthula mapepala ndinapeza pepala limene ndinayamba kulembapo ndisanakopere. Dzina la ofesiyo ndinalilemba molakwika, ndipo nambala ya bokosi la positi imene ndinaika kuti andiyankhirepo inali yosowa nambala imodzi. Usiku umene uja ndinaiwerenga kalatayo katatu konse osaona kanthu, chifukwa maso ankangowerenga zimene mutu unkafuna kulemba. Ndikanaisiya masiku awiri, zolakwa ziwirizo ndikanaziona pa mzere woyamba. Kuyambira pamenepo, aliyense wobwera kwa ine ndi kalata yofunsira ntchito kapena CV ndimamuuza kuti igone kaye, aiwerenge mokweza mawa, ndiye apereke.

Pali chifukwa chake mutu umachita chonchi. Mu 1927 katswiri wa za maganizo a anthu, Bluma Zeigarnik, amene ankachita kafukufuku ku Berlin, anafalitsa zimene anapeza atapatsa anthu tintchito tosiyanasiyana n'kumawadukiza pakati pa tina. Powafunsa pambuyo pake, ankakumbukira bwino tintchito tosamaliza tija kuposa timene anamaliza. Ntchito yoyambika siichoka m'mutu. N'chifukwa chake samu imene yakukanika patebulo nthawi zina njira yake imakubwerera uli pampopi kutunga madzi. Koma imabwera kwa amene analimbana nayo kaye samuyo. Amene sanatsegule buku palibe chimene mutu wake ungagayegaye.

Za beseni la madzi ozizira, amayi, ndikudziwa kuti ambiri tinakulira momwemo, ndipo ndimalemekeza khama limenelo. Kungoti beseni limatsegula maso okha, mutu umakhala utatseka kale. Mjeremani wina, Hermann Ebbinghaus, anadziyesa yekha poloweza mindandanda ya timawu topanda tanthauzo, n'kufalitsa zotsatira zake mu 1885. Anapeza kuti kubwereza ka 38 kogawidwa m'masiku atatu kunamuthandiza mofanana ndi kubwereza ka 68 tsiku limodzi. Mwana amene amachita masamu ola limodzi madzulo aliwonse, n'kugona mokwanira, adzam'posa mnzake wochezera usiku wonse Loweruka lokha. Tulo si nthawi yotayika, chifukwa ndi pamene zophunzira za tsikulo zimakhazikika m'mutu.

Kudzukadzuka kwa theka la ola kumene kukukuvutani nakonso si kwachilendo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, wophunzira wina wa ku Italy, Francesco Cirillo, ankalephera kukhazikika pa mabuku ake a ku yunivesite. Anatenga kawotchi ka m'khitchini kooneka ngati tomato n'kumadzipimira nthawi. Njira yake, imene imatchedwa Pomodoro, kutanthauza tomato m'Chitaliyana, ndi yakuti munthu agwire ntchito imodzi yokha mphindi 25, apume mphindi 5, ndipo akatero kanayi apume nthawi yotalikirapo. Manambalawa si malamulo a Mose. Wina mphindi 25 zimamuchepera pa nkhani ya Chingelezi yofuna kulemba ndime zingapo, ndiye amafika 45. Chofunika n'chakuti nthawi yobwerera pampando ikhale yodziwika asanadzuke.

Chimene chandisangalatsa m'kalata yanu n'chakuti akadzuka amatsuka mbale ndi kuyenda pabwalo. Mukanandiuza kuti amagwira foni ndikanada nkhawa. WhatsApp, Facebook ndi TikTok sizipumitsa mutu, zimangouthira zina pamwamba pa zimene wanyamula kale, ndipo mphindi zisanu za pafoni sizikhala zisanu. Popuma, thupi liyende, maso ayang'ane kutali, amwe madzi. Foni ikhale m'chipinda china kufikira atamaliza.

Tsono ndilankhule ndi iwe mwini wake, chifukwa ndikukhulupirira kuti amayi akuwerengera yankholi. Ntchito ya m'buthi anthu amaiona ngati yongokhala, koma ndi ntchito yotopetsa mutu. Nambala ya foni ili ndi manambala 10, ndipo kulakwitsa imodzi yokha ndalama zapita kwa munthu amene sumudziwa. Ziro mmodzi wowonjezera amasandutsa K500 kukhala K5,000. Kumapeto kwa mwezi, kapena nyengo imene alimi agulitsa soya ndi nsawa, mzere umatalika, wina akukuwa kuti basi ya ku Lundazi imusiya, dzuwa likuwotcha malata. Shoti zambiri, kutanthauza kuperewera kwa ndalama powerengera, zimabadwa pa nthawi ngati imeneyo, ndipo mwini buthi amadzadula pa malipiro ako. Ukaona kuti nambala ukuiwerenga kawiri osaigwira, maliza kasitomala amene ali pawindo, upemphe wotsatira kuti adikire pang'ono, uimirire, umwe madzi. Masana tseka kawindo, udye, uwerengere fuloti, zomwe ndi ndalama zili m'foni ya buthi, ndi ndalama za m'manja mtima uli m'malo. Cholakwa chopezeka masana chimalondoleka mosavuta kuposa chopezeka usiku potseka.

Kupuma kumeneku si kuba nthawi ya abwana. Lamulo la ntchito la dziko lino, Employment Code Act ya 2019, limati wantchito apatsidwe ola limodzi la nkhomaliro, mpumulo wina wa mphindi zosachepera 20 pa tsiku la ntchito, komanso maola 24 opuma pa masiku 7 aliwonse. Ndikudziwa kuti m'mabuthi ndi m'mashopu ang'onoang'ono zimenezi sizitsatidwa nthawi zonse, ndipo sindikukutuma kuti ukakangane. Kambirana nawo abwana mwaulemu, uwasonyeze kuti ndalama zawo zomwe ndi zimene zimatetezeka iwe ukapuma.

Chinanso choyenera kuchichedwetsa mwadala ndi yankho la mkwiyo. Abwana akakutumizira uthenga wokupsetsa mtima, usayankhe ola lomwelo. Lemba papepala zonse zimene zili kukhosi, ugone, m'mawa usankhe zoyenera kutumiza. Ndaona achinyamata akutaya ntchito chifukwa cha uthenga umodzi wa usiku.

Koma zilipo zinthu zosati n'kuziviika. Kulembetsa ndi kulipira mayeso ku Examinations Council of Zambia kuli ndi tsiku lotsekera, ndipo likadutsa chaka chapita. Makoleji nawonso, kaya ndi Chipata College of Education kapena sukulu za ntchito zamanja za pansi pa TEVETA, amaika tsiku lomaliza kulandira makalata. Ndalama za kasitomala zikalakwika, uimbire kampani ya foniyo ndi abwana nthawi yomweyo. Ndipo phunziro limene umaliopa kwambiri, lomwe ndikuganiza kuti ndi Masamu, likhale loyamba madzulo aliwonse, chifukwa mtima umadziwa kunyenga: umati ukupumitsa mutu pamene ukungozemba algebra. Ukaona kuti chinthu chimodzimodzi wachikankhira mawa katatu osachikhudza, dziwa kuti kumeneko si kupuma.

Amayi, m'malo mowerengera maola amene wakhala pampando, Lamlungu madzulo mum'pemphe akuonetseni kope lake. Muone ngati muli masamu ochitidwa tsiku ndi tsiku, okhala ndi madeti, ena olakwa n'kukonzedwanso, komanso mapepala a mayeso a zaka zapita amene wayesa kuyankha. Simufunika kudziwa masamuwo kuti muone ngati kope likudzaza. Za kalata ija, masiku atatu akwana. Usiku uno akuwerengereni mokweza inu mukumvetsera, ayang'anenso dzina la koleji, nambala yake ya foni ndi makope a satifiketi, ndipo Lachisanu lisanafike akaipereke.