Achemwali, ndere zimenezo musawamwetse amayi

Pepani kwambiri ndi matenda a amayi. Mwafunsa ngati n'zoona kuti ndere zimapha maselo a khansa monga mwawerengera, komanso ngati mungawiritse zija zimalendewera ngati ndevu m'mitengo ya paphiri la Zomba n'kumawamwetsa amayi, amene akulandira mankhwala a khansa ya khomo la chiberekero. Kafukufukuyo alipodi, sanakunamizeni. Koma chonde, musawamwetse. Ndili pasukulu ndinagwirako ntchito mu labu yoyesera zinthu zoterezi, ndiye ndikuuzeni zimene zimachitika m'menemo.

Ndere zimene akunenazo si zoterera za m'madzi zija ayi, ndi zouma zomera pamiyala ndi pamakungwa a mitengo. Zimapanga makemikolo mazanamazana, ndipo wotchuka kwambiri ndi usnic acid, amene katswiri wina wa ku Germany, Knop, anamupatula kalekale mu 1844. Mu 1975 Kupchan ndi Kopperman a ku America analemba kuti kemikolo ameneyu amachedwetsa chotupa cha m'mapapo mwa mbewa za mu labu. Kuchokera pamenepo papita zaka 50, koma mpaka lero palibe mankhwala a khansa ngakhale amodzi ovomerezeka ochokera ku ndere.

Akamati "zapha khansa", nkhani yake imakhala iyi. Pamakhala kambale kapulasitiki kokwana m'manja, kokhala ndi timaenje 96. M'kaenje kalikonse amadonthezamo maselo a khansa oweta, monga HeLa, amene anatengedwa mu 1951 kwa mayi wina wa ku Baltimore, Henrietta Lacks, yemwe ankadwala khansa yomweyi ya khomo la chiberekero. Kenako amathiramo madzi osungunulira ndere, n'kudikira masiku awiri kapena atatu, n'kuonjezamo utoto wachikasu. Momwe maselo ali moyo, utotowo umasanduka wapepo. Momwe afa, umangokhala mbee. Ndimakumbukira mtima ukugunda ndikaona mzere wonse wayera. Koma aphunzitsi athu ankangofunsa funso limodzi: nanga maselo abwinobwino atani? Chifukwa m'kambale muja ngakhale Jik amapha khansa. Mulibe chiwindi, mulibe impso, mulibe magazi, ndipo mankhwala amagwera pamutu penipeni pa selo popanda chowatchinga.

Apa ndi pamene pali mantha anga. Usnic acid amasokoneza tizigawo ta m'selo timene timapanga mphamvu, ndipo sasankha kuti ili ndi selo la chotupa, ili ndi la chiwindi. Ku America anamuikapo m'mapiritsi ochepetsa thupi otchedwa LipoKinetix, anthu n'kuyamba kufika kuchipatala maso ali chikasu, chiwindi chitaonongeka. Mu 2001 bungwe loona za mankhwala la FDA linachenjeza anthu kuti asiye kumwa mapiritsiwo. Amenewotu anali anthu opanda khansa. Nanga amayi, amene chiwindi ndi impso zawo zili kale pa ntchito yaikulu yosefa mankhwala a kuchipatala? Kuonjezera apo, mumphika simungadziwe mlingo, ndere zili mitundu yambirimbiri yofanana maonekedwe, ndipo zimayamwa zitsulo zapoizoni za mumpweya.

Sindikunyoza zomera, Mulungu akudziwa. Vincristine amene amapatsidwa kwa ana odwala khansa amachokera ku kaduwa ka ku Madagascar kaja ka pinki kamene ambirife tinadzala pakhomo. Paclitaxel, amene amathandizanso odwala khansa ya Kaposi, anachokera ku khungwa la mtengo wa ku America. Khungwalo analitola mu 1962, mankhwala n'kudzavomerezedwa mu 1992. Zaka 30 zopatula, kuyesa pa nyama, kuyesa pa anthu pang'onopang'ono mpaka mlingo utadziwika. Ndipo munthu atati atafune masamba a kaduwa kaja, sachira, amangodzipweteka. Mwina tsiku lina ndere nazo zidzafika pamenepo, ine ndingasangalale kwambiri, koma pakali pano ulendo wake ukadali m'kambale ndi pa mbewa.

Ndikudziwa mmene zimawawira kukhala pambali pa mphasa ya kholo lako, manja ali lende, ukufuna kuchitapo kanthu. Chochita chilipo. Amayi asadumphe tsiku la kuchipatala ngakhale limodzi. Ngati vuto ndi thiransipoti, nenani muno tisonkhe. Ngati alipo wachibale amene wayamba kale kuwapatsa zitsamba, auzeni adokotala mosabisa, mutenge ndi botolo lomwelo akalione. Mukaona maso a amayi akuchita chikasu kapena mkodzo ukuda ngati tiyi, musadikire tsiku lawo, pitani nawo lomwelo.